Bwalo Limene Khasu Linalambalala

Anthu a kumadera ena amadabwa akamva kuti ife a ku Chiradzulu tinkasewera mpira m'matope mwezi wa Juni ndi Julayi. Kwawoko imeneyi ndi miyezi ya fumbi ndi milomo yong'aluka, mvula itatsanzika kalekale mu Epulo. Koma kuno kumtunda wa chigawo cha kummwera kuli chiperoni. Mphepo ya mwera imatunga chinyontho pa nyanja yaikulu ya India, n'kudutsa nacho dziko la Mozambique cha kuphiri la Chiperone, ndipo ikayamba kukwera mapiri a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre imazizira n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa. Kulibe bingu, kulibe mphezi. Kunja kumangoti zii, kumwamba kuli mbuu, timadontho tosaoneka bwino tikunyowetsa munthu pang'onopang'ono mpaka kufika pakhungu. Phiri la Chiradzulu, lomwe msinkhu wake umaposa mamita 1,700, limabisika masiku atatu kapena anayi, ndipo la Mulanje, lomwe kukacha bwino timaliona cha kum'mawa, limasoweratu. Eni minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amakondwera nayo nyengoyi, nandolo wa m'minda mwathu nayenso amaikonda. Akuluakulu ankafunda zitenje ndi mabulangete n'kuzungulira moto. Ife ana tinkathamangira kubwalo.

Matope a chiperoni ndi osiyana ndi a dzinja. A dzinja ndi akuya, amameza phazi mpaka m'kakolo, ndipo mpira ukagweramo umangokhala pomwepo. Komanso dzinja silinali lathu. Kunali kupalira, kubandira, kuthira feteleza, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zinkakhala zitapepuka, mwana n'kumadziwa yekha kuti kuthamanga n'kuwononga kaphala kamene wamwa m'mawa. Chiperoni chinkatipeza chimanga chili m'nkhokwe, mbatata ikukumbidwa, nzimbe zitatsekemera. M'mimba munkakhala muli kanthu ndipo ntchito ya kumunda inali itachepa. Matope ake anali opyapyala, ongokuta pamwamba pa katondo amene pansi pake anali woumabe gwa. Ukathamanga n'kufuna kuima mwadzidzidzi, miyendo inkapitirira yokha, ndipo pogwa nthaka sinkakumvera chisoni. Tinazolowera kuponda ndi phazi lonse, zala zitatambasuka, kuchepetsa liwiro pokhota, ndiponso kugwa chammbali osati chagada. Palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa zimenezi. Mawondo ndi zigongono ndizo zinaphunzira, ndipo mpaka lero ndikatsika kanjira koterera, zala zanga za kumapazi zimatambasuka zokha m'kati mwa nsapato.

Kuzizira kwake n'kumene sindikuiwala. Poyamba mano ankagundana, mapazi atachita dzanzi, ndipo mpira woyamba kukumenya pantchafu unkasiya chidindo cha zingwe zake pakhungu. Kenako thupi linkayamba kutentha, nthunzi ikutuluka m'kamwa ndi kumsana, mpaka munthu kuiwala kuti kunja kukuzizira. Ndikamaganiza tsopano, ichi n'chimodzi mwa zimene zinkatitumiza kubwalo. Ambiri tinalibe majuzi, ndipo pamoto malo abwino anali a agogo ndi makanda. Kuthamanga ndiko kunkatifunditsa.

Mpira wake unali wa chikulunga. Masiku ano ena amautchula moseka, ena mwachisoni, akuti unali umphawi. Amene anaumangapo amadziwa kuti ndi luso. Pakati pankakhala nsanza kapena mapepala ofinya bwino, kenako majumbo, limodzi pamwamba pa linzake, lililonse likukokedwa mpaka kuthina, mfundo zake zikusinthidwa mbali kuti mpira usalemere kumodzi. Ena ankauwamba pamoto pang'ono kuti jumbo lakunja ligwirane. Pomaliza pankabwera kuluka, ndipo apa m'pamene mmisiri ankadziwikira. Linya kapena ulusi wosomola ku thumba la feteleza unkazungulira mpira wonse m'timaso tofanana, popanda pena pokhwepa. Mnyamata wina wa kutsidya kwa mtsinje, wofatsa, wosathamanga kwenikweni, ndiye ankatiposa tonse pa ntchitoyi. Tinkamutolera majumbo tsiku la msika, iye n'kukhala pakhonde, mpira uli pakati pa mawondo, akuluka osayankhula ndi munthu. Mpira wake unkanjanja ndipo unkatha masabata usanamasuke. Chifukwa cha manja akewo sankasowa malo m'timu, ndipo palibe ankadandaula akaphonya chigoli. M'chiperoni chikulunga chinkamwa madzi n'kulemera ngati dzungu, moti woumenya ndi mutu ankayamba waganiza kaye. Mpira wachikopa unalipo umodzi, wa sukulu, ndipo unkagona mu ofesi ya ahedi mpaka tsiku losewera ndi sukulu ina. Tsiku loyamba kuugunda ambiri tinautumiza kutchire, chifukwa mapazi athu anazolowera katundu wolemera.

Malamulo tinali nawo ngakhale panalibe woyimbira kapena wezulo. Anyamata awiri okulirapo ankasankha anthu mosinthana, ndipo wotsalira kumapeto ankadziwa yekha kuti akakhala pagolo. Timu yoyamba kuchinyidwa inkavula malaya, chilango chowawa m'nyengo imeneyi, koma panalibe njira ina yodziwira mnzako m'nkhungu muja. Makona atatu ankabala penate. Tikakhala ochepa tinkadula bwalo pakati, golo n'kukhala miyala iwiri, ndipo kutalika kwake kunkayezedwa ndi msinkhu wa goloboyi: mpira ukadutsa pamene iye sakanafika ngakhale atalumpha, si chigoli. Apa ndiye pankabuka mikangano. Tinkakangana mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, ena kulumbira potchula agogo awo amene ali kumanda. Koma mkangano unkatha, chifukwa mwezi wa Juni dzuwa silichedwa kulowa, ndipo aliyense ankaona mdima ukubwera. Kawirikawiri wina wa timu yomwe ikanapindula ankangoti, "Basi, si chigoli, tiyeni tizisewera." Ankalolera kuluza mlandu kuti masewero asafe.

Mapazi ndiwo ankalipira. Kuzizira ndi matope zinkang'amba zidendene, mang'a n'kutseguka mpaka kutuluka magazi, ndipo panalibe wa ife amene chikhadabo cha chala chachikulu sichinazukepo pa mwala wobisika. Amene anali ndi nsapato za pakaunjika ankavala ya kumanja yokha, ya kumanzere n'kubwereka mnzake womenya ndi phazi lamanzere. Pobwerera kunyumba mantha ankayambira panjira. Mayi ankandiona ndili patali n'kuyamba: "Iwe, matope amenewo usalowe nawo m'nyumba muno. Sopo ndimutenga kuti ine?" Ankakalipa uku akusonkhezera moto pansi pa ndowa ya madzi. Chala chophulika ankachiviika m'madzi amchere otentha, ine ndikulira, iwo atagwira mwendo osausiya. Malaya ankachapidwa usiku womwewo n'kuyanikidwa m'khitchini pafupi ndi mafuwa, popeza dzuwa kunalibe, ndipo m'mawa ndinkapita nawo kusukulu akununkha utsi, m'khosi muli chinyezi. Theka la kalasi linkanunkha chimodzimodzi.

Mpira wa akuluakulu tinkauona ndi makutu. Wayilesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndiye ubwana wathu wonse unali wa MBC. Blantyre ili pafupi, minibasi imafika ku Limbe ola lisanathe, koma ambiri mwa ife tinakula osapondapo pa Kamuzu Stadium. Loweruka kapena Lamulungu masana tinkaunjikana pakhonde la bambo wina amene anali ndi wayilesi, owulutsa mpira akusinthana Chingerezi ndi Chichewa, mawu a Steve Liwewe Banda akukwera mpira ukayandikira golo. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, ndipo m'chiperoni tinkawaika pafupi ndi moto. Mudzi unali wogawikana pakati pa Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers, Maule ndi Manoma, ofiira ndi abuluu, ndipo mwana ankalowa mbali ya amalume ake kapena ya achimwene ake asanadziwe n'komwe chifukwa chake. Akuluakulu ankatisimbira za Kinnah Phiri ndi chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa chimene Malawi inatenga mu 1978 ndi 1979, n'kudzachitenganso mu 1988. Ife tinkalimbirana maina a Lawrence Waya, Young Chimodzi ndi Ernest Mtawali. Nkhope zawo ena tinali tisanazionepo. Munthu unkangomva kuti Waya wadoda anthu awiri n'kulowa m'bokosi, ndiye mawa lake unkayesa kuchita zimene unaziona m'mutu mwako. Pa 6 Julayi, tsiku la ufulu, kukuzizira chomwecho, tinkamvera mpira wa timu ya dziko, ukangotha ife liwiro kubwalo kukaubwereza kuwala kusanathe.

Ndikamati "ife" ndikunena anyamata. Atsikana anali ndi kabwalo kawo ka ntchemberembaye pambali, ndi fulaye ndi phada pabwalo la panyumba, koma nthawi yawo inali yoperewera. Pamene ife tinkagwa m'matope, achemwali anga ankakhala ali pa mjigo kapena akuthyola nkhuni zonyowa, ndipo madzi amene ndinkasamba madzulo anali otunga iwo. Panali mtsikana mmodzi amene ankati akatula ndowa n'kulowa m'bwalo, chitenje atachimanga m'chiuno, anyamata ankathawa kulimbana naye. Anasiya atangotha msinkhu, anthu atayamba kuyankhula. Pamene timu ya dziko ya amayi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, komanso pamene Temwa Chawinga anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, ndinakumbuka mtsikana ameneyu. Temwa ndi mkulu wake Tabitha anachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kwathu komwe. Sindikayika kuti ku Chiradzulu kunabadwa atsikana a mapazi otere amene mjigo unawadyera nthawi.

Chimene ndinachedwa kuchiona, chifukwa mwana saona zimene wapatsidwa, ndi bwalo lenilenilo. Ku Chiradzulu malo ndi nkhani yowawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'bomali, pa dera losakwana masikweya kilomita 800, kutanthauza anthu oposa 450 pa sikweya kilomita iliyonse, ambiri mwa iwo odalira khasu. Ukayenda kuchokera ku Njuli kupita ku Boma, kapena kuchokera ku Nguludi kulowera ku Namitambo, suona tchire logona. Mizere imakwera mpaka m'mapiri, imatsikira m'madambo, imafika pakhonde penipeni pa nyumba. Njala ya malo imeneyi si ya lero. Azungu atatenga malo aakulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu ambiri, makamaka Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, anakhala pa minda ya eni ake n'kumalipira ndi thukuta lawo, ntchito ija ya thangata. Ku Magomero kunali minda ya A.L. Bruce, ndipo nkhanza za kumeneko zinali zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe, amene anakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe mu 1900 n'kutsogolera kuukira kwa mu Januwale 1915. Agogo athu anakula akudziwa kuti malo ndi chinthu chimene munthu angalandidwe. Mpaka lero milandu yambiri ya kwa amfumu ndi ya malire, ndipo pachibale pamatha kudana chifukwa cha mzere umodzi.

Tsono bwalo la mpira lokwanira limadya malo oposa ekala imodzi ndi theka. Mabanja ambiri kwathu alibe munda waukulu chotero. Komanso bwalo limafuna malo athyathyathya, opanda miyala yambiri, omwewo amene mlimi aliyense amawasirira. Pa malo oterowo pakanatuluka matumba a chimanga ndi nandolo okwanira kudyetsa banja. Koma anthu omwewo, okangana pa mzere umodzi, anasiya malo amenewa osalima chaka ndi chaka kuti ana azithamangapo. Palibe lamulo la boma limene linkawalondera, ndipo panalibe mpanda. Tsiku lina ndikuthandiza amalume kuunga mizere m'munda wa banja lathu, womwe unkachita malire ndi bwalo, ndinaona kuti akusiya mpata waukulu kuseri kwa golo. Ndinawafunsa kuti, "Amalume, bwanji simulima mpaka apo?" Iwo anaimika khasu n'kunena kuti, "Mphwanga, pamenepo agogo ako anapereka kwa amfumu kuti ana azisewerapo. Ndikalimapo mukasewera kuti, pamsewu?" Anapitiriza kulima. Chaka chimenecho chimanga chathu chinatha Khirisimasi isanafike, ndipo mpira wathu unkagwera m'nandolo wawo tsiku ndi tsiku, ife n'kumathyola nthambi poufunafuna. Ankakalipa, koma sanatilande mpira.

Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawuwa ndawamva pa maukwati ndi pa maliro, koma pamene ndinawaona ndi maso ndi pa kachigawo ka nthaka kamene khasu la amalume linkakalambalala. Pa bwalo lija pankasewera ana a Alomwe, a Ayao ndi a Amang'anja, ana a ku tchalitchi cha Katolika, a PIM, a CCAP ndi a ku mzikiti, ndipo ambiri mwa iwo sanali abale a amene anapereka malowo.

Zaka zimenezo zinalinso za maliro. Edzi inalowa m'midzi ya Chiradzulu mwamphamvu, ndipo mankhwala otalikitsa moyo kunalibe mpaka mu 2001, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka m'bomali, boma lisanayambe kuwagawa mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Ife tinkangomva akuluakulu akunong'onezana za "matenda a masiku ano." Chimene tinkachidziwa bwino ndi masamba oikidwa pamsewu. Ukawaona umadziwa kuti lero mpira kulibe, chifukwa m'mudzi mukagwa zovuta mwana sathamanga kapena kukuwa. Panali miyezi imene masamba aja ankati akauma pena, ena aawisi aikidwa kale pena. Timu yathu inkachepa mosalengeza. Wina amwalira mayi ake, abale amutenga kupita naye ku Ndirande kapena ku Phalombe, ndipo sitinamuonenso. Wina anasiya kubwera chifukwa ndiye anatsala wamkulu panyumba, akuyenda maganyu kuti azing'ono ake adye. Mmisiri wathu wa chikulunga uja anachoka motero, ndipo mipira imene tinkamanga iye atapita inkamasuka tsiku lomwelo.

Koma ena ankabwerera. Patapita masiku maliro ataikidwa, mnzathu ankatulukira kumapeto kwa bwalo, mutu wometedwa mpala, ataima manja ali m'khwapa. Sitinkadziwa mawu opepesera, amenewo anali a akuluakulu. Wina ankangokuwa kuti, "Iwe, lowa mbali iyi, tikuchepa!" Iye n'kulowa. Kunyumba anali mwana wamasiye, kutchalitchi ankamupempherera, kusukulu dzina lake linkalembedwa m'kaundula wa ofunika thandizo. Pabwalo anali wotchinga kumbuyo amene sadutsika, ndipo akachita chibwana tinkamukalipira mofanana ndi wina aliyense. Pofika madzulo matope ankakhala atatikuta tonse, moti wa malaya atsopano ndi wa malaya a malemu bambo ake sankasiyana. Sindikunena kuti mpira unachiritsa chisoni cha ana amenewa. Ena chinawatsatira mpaka kukula. Ndikungonena kuti kwa maola awiri patsiku anali ndi malo amene palibe ankawayang'ana ndi diso lachisoni, ndipo malowo analipo chifukwa wina analolera kukolola zochepa.

Bwalo linayamba kuchepa pa zifukwa zomveka. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero m'dziko lonse n'kukwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, ena tinkaphunzira pansi pa mitengo, ndipo midadada yatsopano itabwera inafuna malo athyathyathya. Ina inamangidwa m'mphepete mwa bwalo, kenako nyumba za aphunzitsi, kenako zimbudzi. Ndani angatsutse kalasi? Kumbali ina oumba njerwa anakumba nkhuti zimene dzinja lililonse zimadya nthaka pang'ono. Kumbali ya minda, ana a eni malo atakula n'kukwatiwa, mzere umodzi unkalowa chaka chino, wina chaka chamawa. Sipanakhale tsiku limene anthu anagwirizana kuti bwalo lithe, ndipo palibe munthu mmodzi amene ndingamuloze chala. Kona imene tinkaponyera mpira, lero pali chinangwa.

Mu Malichi 2023 matope anatisonyeza nkhope ina. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, mapiri anang'ambika, ndipo m'mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, matope ndi miyala zinatsika n'kukokolola nyumba ndi anthu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Kuyambira nthawi imeneyo ndimasamala posimba za kukoma kwa matope, chifukwa pali ana a m'boma lathu lomweli amene akamva mvula padenga amadzuka n'kukhala tsonga. Koma ndinaonanso kumene anthu anathawira. Ambiri anapita kusukulu, ndipo pamene makalasi anadzadza, mahema anakhomedwa pa mabwalo a mpira. Chakudya chinkagawidwira pomwepo. Malo amene ankaoneka ogona chabe ndiwo analandira mudzi wonse pamene unalibe kolowera. Ndipo pakati pa mahemawo, pa kampata kotsala, ana anali atamanga kale chikulunga.

Ana a lero amadziwa mpira kuposa mmene ife tinkaudziwira. Amaonera ligi ya ku England m'mashedi a kanema pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi, amavala majezi a Arsenal ndi Manchester United a pakaunjika, ndipo chigoli chakutali chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022 anachiona ndi maso awo, ena pa foni. Zimenezi zimandikondweretsa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti a mtima wofuna kuthandiza masewero amabweretsa zinthu zimene zimatha msanga. Chaka cha chisankho kumabwera mabonanza, zikho, mayunifolomu ndi mipira yachikopa, ndipo anthu amavina. Sindinamvepo wina akubwera ndi chingwe choyezera kuti malire a bwalo adziwike ndi kulembedwa, kapena kudzala udzu wa vetiva m'mbali kuti madzi asamakumbe ngalande pakati. Mwana akhoza kudzimangira yekha mpira, ife tinkatero. Malo sangadzipangire.

Komabe nkhaniyi ndimaiyankhula mopepuka chifukwa sindine amene ndikulima kumeneko. Kwathu malo amayenda kuchikazi. Munda uja unali wa agogo aakazi, unapita kwa mayi ndi ang'ono awo, ndipo tsopano wagawidwa kwa achemwali anga ndi ana aakazi a mayi aang'ono, aliyense kachigawo kake, aliyense ndi ana ofuna kudya. Ine ndinachoka, ndimagula ufa kusitolo. Amalume anatisiya, ndipo udindo wa mwinimbumba ukuyang'ana ife amene tinkathyola nandolo wawo. Achemwali anga, omwe aja ankatunga madzi ine ndikusewera, anandiuza ulendo wapitawu kuti mpata wa kuseri kwa golo ukhoza kutulutsa thumba limodzi kapena awiri, ndipo feteleza wakwera mtengo moti sangasiye nthaka yabwino ikugona. Anayankhula modekha, ndipo zimene ananena n'zoona. Bwalo limenelo iwo silinawapatse kanthu ali mwana.

Banja likakumana pambuyo pa zokolola ndidzapempha kuti mpatawo utsale, ndipo ndidzanena pamaso pa onse kuti matumba amene achemwali akanakolola pamenepo ndizibweza ine chaka chilichonse, chifukwa si chilungamo kuti mphatso ya agogo izilipiridwa ndi munthu mmodzi yemweyo amene sanaidyerere. Ndidzapemphanso kuti tipite limodzi kwa amfumu ndi a komiti ya sukulu, malire ayezedwe, alembedwe, ndipo masiku ena pa sabata bwalo lizikhala la atsikana, kuyambira ndi ana a achemwali angawo. Mawu omaliza adzakhala awo, popeza munda ndi wawo.